TSIKU LA CITHUNZI PA SUKULU YATHU

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi ndi mphunzitsi wa ku Migodi

 

Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndagwira coko zaka zoposa 20 pa sukulu ina ya m'komboni ya mgodi. Madzulo ano ndifuna kukusimbirani za tsiku limene tinajambula ana a pa sukulu yathu, kapena monga anenera ana a m'tauni, tsiku limene tinawakopa. Pa nchito imeneyo ndinalakwa cinthu cimodzi, ndipo ndayesa kuti n'kwabwino kuciulula poyera, kuti aphunzitsi anzanga ndi inu makolo mukatolepo nzeru.

Munali m'caka ca 2024 pamene akulu a sukulu anandiitana ku ofesi kwao. Anati, "Bambo, caka cino tifuna kusindikiza buku la caka, monga acitira masukulu akulu. M'bukumo mukhale cithunzi ca kalasi iriyonse pamodzi ndi maina a ana. Nchito yosonkhanitsa anawo ndaiika m'manja mwanu." Ine ndinayankha msanga ndi kuti, "Zikomo akulu, imeneyo si nchito ai." Mumtima ndinati, nanga kujambula n'ciani masiku ano, pamene ngakhale mwana wogulitsa tomato ali ndi foni yojambulira?

Kunena zoona, makina ojambulira apepuka ndithu. Cithunzi cakale koposa cimene cikalipo cinajambulidwa ku France pafupifupi caka ca 1826 ndi munthu wochedwa Niépce, ndipo bokosi lace linakhala lotsegula pa zenera maola osacepera 8 kuti cioneke. M'caka ca 1839 Daguerre anaonetsa njira yacangu, komabe anthu oyamba kujambulidwa anali kukhala ciriri osagwedezeka, mutu atautsamiritsa pa citsulo. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1858, mbale wace Charles ndi John Kirk ananyamula makina otere pamodzi ndi mabotolo a mankhwala otsukira. M'caka ca 1888 George Eastman anayamba kugulitsa kabokosi ka Kodak kojambula zithunzi 100, ndipo m'caka ca 1975 Steven Sasson anapanga kamera yosafuna filimu. Lero cala cikangogunda, cithunzi catuluka. Koma ine ndinaiwala kuti cimene capepuka ndi makina okha. Ana akali ana, ndipo kuimika ana 60 pamalo amodzi kuli ngati kusonkhanitsa nkhuku masana.

Tsono ndinakhala pansi ndi kukonza. Tinali ndi makalasi 10, onse odzaza, pakuti kuyambira Januwale 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali kukhala pa nyumba anabwera kudzalembetsa. M'kalasi yanga ya Giredi 7 munali ana 68.

Coyamba ndinasankha nyengo. Nthawi ya dzinja simungapangane ndi mvula, ndipo mu Okutobala ana afooka ndi kutentha asanaime n'komwe. Cotero ndinasankha Lacisanu lina la mwezi wa Julai.

Caciwiri ndinasankha malo. Anthu ambiri ayesa kuti pojambula munthu ayenera kupenya ku dzuwa kuti nkhope iwale. Kumeneko ndi kulakwa, pakuti munthu wopenya ku dzuwa atsinzina ndi kukwinya nkhope ngati wadya bwemba. Dzuwa la pa liwombo nalonso ndi loipa, cifukwa liika mdima m'maso ndi pansi pa mphuno. Malo abwino ndi mumthunzi woyera, wopanda madontho a kuwala onga a pansi pa mtengo. Kuno kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julai dzuwa liyenda copendekera kumpoto, kotero kuti khoma lopenya kummwera likhala ndi mthunzi tsiku lonse. Ndinayendera nyumba zonse za pa sukulu, ndipo ndinapeza kuti khoma la holo ndilo lalitali, mthunzi wace ukwanira mizere inai.

Cacitatu ndinakonza mizereyo. A mzere woyamba akhale pa mphasa, a waciwiri pa mabenchi, a wacitatu aimirire pansi, a wacinai aimirire pa mabenchi olimba. Ndinakonzanso kabolodi kolembapo dzina la kalasi ndi caka, ndi mapepala oti mphunzitsi aliyense alembepo maina mzere ndi mzere, kuyambira kumanzere, ana asanabalalike.

Cotsiriza ndinalemba kalata kwa makolo. Kalatayo inali yofunika, pakuti lamulo la dziko lino la caka ca 2021 losunga zinsinsi za anthu lifuna kuti kholo livomereze mbiri ya mwana wace isanagwiritsidwe nchito, ndiponso alipo makolo ena amene ali ndi zifukwa zao zokanira. Kufikira pamenepo zonse zinali bwino. Koma pansi pa kalatayo ndinaonjeza mau awa: "Mwana aliyense abwere ndi yunifomu yathunthu, juzi ya sukulu ndi nsapato zakuda. Wopanda zimenezi sadzajambulidwa." Ndinalemba tero cifukwa ndinafuna kuti buku lathu likaoneke ngati la masukulu a kumayadi, ndipo ndinalemba mzere pansi pa mauwo kuti aoneke bwino. Musunge mau amenewo, pakuti tidzabwererako.

Lacisanu linafika ndi mphepo yace. Ndinali nditawerengera mphindi 10 pa kalasi iriyonse, kuti tikayamba 8 koloko titsirize 10 koloko isanakwane. Ana anafika atadzola mafuta, tsitsi lopesa, ena malaya akali ndi fungo la simbi ya makala. Koma 8 koloko inakwana wojambula osaoneka. Mukumbukira kuti caka cimeneco kunali cilala coopsa, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Wojambula wathu anagona wopanda magetsi, ndipo m'mawa anayamba wapita kwa wometa wina amene anali ndi magetsi a dzuwa kukadzaza mabatire ace. Anafika 9 koloko, thukuta liri kamukamu ngakhale kunali kuzizira.

Tinayamba ndi ang'ono a Giredi 1, pakuti iwo sacedwa kudetsa malaya. Apa m'pamene mphindi 10 zanga zinasanduka 20. Wina analira poona miyendo itatu ya kamera. Wina anafuna kupita kuseri pa nthawi yomweyo imene onse anakhala cete. Awiri analimbirana kugwira kabolodi. Pamene wojambula anati, "Sekani!" theka la kalasi linaseka ndi kugwa cagada, theka lina linauma nkhope ngati asilikari.

Wojambulayo anali munthu wodziwa nchito yace, ndipo ndinaphunzira kwa iye zinthu ziwiri. Coyamba ndi ca malaya oyera. Kamera iyesa yokha kuwala kumene kuli patsogolo pace. Ikaona malaya oyera ambiri iganiza kuti kwawala kwambiri, ndipo icepetsa kuwala kolowa, tsono nkhope za ife anthu akuda zituluka ziri bii, mano okha ndi maso kuoneka. Iye anayamba wayandikira mwana mmodzi ndi kuyesa kuwala pa tsaya lace, ndipo pambuyo pace anabwerera ku malo ace. Ngati muli ndi zithunzi zakale za ukwati m'mene diresi lioneka bwino koma mkwatibwi osazindikirika, cifukwa cace n'cimeneco.

Caciwiri ndi ca kuphethira. Munthu aphethira kokwanira 15 kapena 20 pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale kuphethirako sikufika theka la sekondi, pa gulu lalikulu sipalephera kukhala wina amene maso ali otseka. Anthu awiri a ku Australia, Nic Svenson ndi Piers Barnes, anawerengera nkhani imeneyi ndi masamu, ndipo m'caka ca 2006 analandira mphoto ya Ig Nobel, imene ipatsidwa pa zofufuza zoseketsa koma zoona. Anapeza kuti ngati anthu ali osakwana 20, mugawe ciwerengero cao ndi 3 pamene kuli kowala, kapena ndi 2 pamene kuli kamdima, ndipo yankho lace ndilo ciwerengero ca zithunzi zimene muyenera kujambula. Koma gulu likafika pa anthu 50, ciyembekezo ca kupeza onse ali maso cicepa kwambiri. Nanga ife a 68? Wojambula wathu anali ndi nzeru yace. Anali kuuza ana onse kuti atsinzine, ndi kuwerenga kufikira 3, ndipo potsegula maso onse pamodzi iye anali kujambula kasanu motsatizana.

Kalasi yanga ndinaiika potsiriza, poyesa kuti akulu adziwa kudikira. Pamene tinafika pa khoma nthawi inali kuyandikira 12 koloko, mthunzi utafupika, kotero kuti tinayenera kupanikiza mizere. Ana anaima bwino, majuzi ofanana, nsapato zonyezimira. Mtima wanga unakondwa, ndipo ndinati, ici ndico cithunzi cimene ndinali kufuna. Ndinatenga pepala ndi kuyamba kulemba maina. Potsiriza ndinawerenga, ndipo anakwana 61. Ndinawerenganso, anali 61 ndithu. Paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinafunsa kuti, "Anzanu 7 ali kuti?" Onse anawerama. Pambuyo pace mtsikana wina wa mzere waciwiri anaimika dzanja ndi kuti, "Aphunzitsi, ena ali kuseri kwa dimba la sukulu. Akhala kumeneko kuyambira m'mawa."

Ndinapempha wojambula kuti adikire, ndipo ndinapita. Ndinawapeza asanu atakhala pa njerwa, akuothera dzuwa. Awiri anavala mapatapata, wina nsapato za mphira zong'ambika ku cala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wa juzi ya sukulu. Ndinati, "Ana inu, mucita ciani kuno pamene anzanu ali pa mzere?" Mnyamata wamkulu mwa iwo anaimirira, manja kumbuyo, ndi kuyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, munalemba kuti wopanda nsapato zakuda sadzajambulidwa. Ife tinabwera kuti tisalembedwe kujomba, koma tinaopa kuononga cithunzi ca anzathu."

Abale anga, ndakhala ndikudzudzulidwa ndi oyendera masukulu kangapo, koma sindinamvepo manyazi onga a tsiku limenelo. Mwanayo sanandinyoze ai. Anangobwereza mau anga, ndipo anali atawamvera bwino lomwe, monga ndiwaphunzitsira kumvera.

Ndinabwerera nao ku khoma. Ndisanaganize cocita, anyamata a Giredi 6, amene anali atajambulidwa kale, anayamba kuvula majuzi ao ndi kuwaponyera. Nsapato sizinavute konse, pakuti munthu woima pa mzere wacitatu mapazi ace saoneka. Taonani, cinthu cimene ndinapitikitsira ana cinali cinthu cosaoneka n'komwe m'cithunzi! Tinajambula ana 66, dzuwa litayamba kale kugunda maondo a mzere woyamba.

Anatsala awiri amene sanabwere konse ku sukulu. Wina, mtsikana, anafika Lolemba, ndipo ndinamjambula yekha ndi foni pa khoma lomwelo, wosindikiza namuika pa ngondya ya cithunzi. Winayo anali mnyamata wofatsa, wodziwa masamu, amene anabwera mu Malichi kucokera ku dera la Petauke, cimanga citapsa m'munda mwa make. Anali kukhala kwa atsibweni ace, amene anali pa nchito ya kanthawi pa mgodi. Lolemba sanaoneke, Laciwiri sanaoneke, ndipo Lacitatu madzulo ndinapita ku nyumba kwao.

Ndinapeza akazi a atsibweni acewo akusankha kapenta pa khonde. Anandipatsa mpando, ndipo titalonjerana anati, "Aphunzitsi, mwana wanu uja anapita Lamulungu. Nchito ya abambo inatha mwezi wathawu, tsono tinaona kuti abwerere kwa amai ace. Lacisanu lija ndilo linali tsiku lace lotsiriza, ndipo anafuna kukatsazika anzace. Koma kalata yanu inanena za nsapato. Tinayesa kubwereka kwa anansi, sizinamkwane. Anakhala m'nyumba tsiku lonse osadya." Maiyo sanakweze liu. Potsiriza anandithokoza cifukwa cobwera kudzafunsa, ndipo kuthokozako kunandipweteka koposa.

Wojambula anandiuza kuti ndi kompyuta angathe kuika nkhope ya mwanayo pakati pa anzace, ngati ndingampatse cithunzi cace cina. Ndinafunsa ku nyumba kuja, ndipo panalibe. Mwana wa zaka 13 anali asanajambulidwepo cithunzi cosungika. M'buku lathu la caka, pansi pa maina a Giredi 7, pali mzere wakuti "Amene sanalipo," ndipo pali dzina limodzi.

Pa chuti ca Ogasiti ndinapita kumudzi kukaona amai anga, amene tsopano ndi okalamba. Usiku wina ndinawasimbira nkhani yonseyi. Anakhala cete, kenaka analowa m'cipinda ndi kutulutsa m'bokosi lao la malata cithunzi cimene ndinaciona kambiri ndiri mwana. Ndi ca ana a sukulu ya mishoni m'masiku a Sitandade, cofiirira ndi ukalamba, congambika pa ngondya. Anaika cala pa mnyamata wa mzere woyamba ndi kuti, "Mwanawe, uwapenye bwino atsibweni ako. Upenye ku mapazi."

Atsibweni angawo ine sindinawaone ndi maso. Anapita ku Migodi ali mnyamata, ndipo anali mmodzi wa anthu 89 amene anafera pansi ku Mufulira pa 25 Sepitembala 1970, pamene matope anagumukira m'mgodi usiku. Inu akulu a ku Migodi mulikumbukira tsiku limenelo. Cithunzi cao cimene banja lathu liri naco ndi cokhaco. Ndinapenya ku mapazi monga anandiuzira amai, ndipo ndinaona cimene sindinacisamale zaka zonsezo. Anali osavala nsapato, fumbi liri mbuu kufikira m'maondo, akumwetulira. Amai anati, "Mphunzitsi wao akadalemba kalata yonga yako, bwenzi lero ndikukuonetsa ciani?" Sindinayankhe kanthu.

Pobwerera ndinatsika basi pa Petauke, ndipo ndinasiya envelopu kwa mphunzitsi wina wodziwa mudzi wa mnyamata uja. M'katimo ndinaikamo cithunzi ca kalasi, maina onse kumbuyo, ndi kalata yopepesa. Kupepesa kwa mphunzitsi kwa mwana si cinthu cozolowereka kwathu, koma amene analakwa ndine.

Tsono ndisanatsirize, ndiri ndi mau kwa aphunzitsi anzanga. Mukapatsidwa nchito imeneyi, sankhani miyezi yopanda mvula, funani khoma la mthunzi, yambani ndi ang'ono, ndipo pa nthawi imene mwawerengera muonjezepo ina yofanana nayo. Musaimike ana pa madesiki ogwedera. Lembani maina pomwepo. Koma koposa zonse, tengani buku la maina ndi kuitana mwana aliyense wojambula asanagunde cala, ndipo wina akasowa mufunse cifukwa. Caka cotsatira ife tinasintha kalata yathu. Tsopano inena kuti, "Mwana aliyense abwere monga ali, wosamba." Tinaikanso katoni mu ofesi m'mene ana otsiriza sukulu asiyamo majuzi amene awacepera, ndipo pa tsiku la cithunzi katoniyo ikhala pafupi ndi khoma, aliyense atengamo popanda kufunsidwa.

Kwa inu makolo ndinena izi. Kalata ya ku sukulu ikafuna cinthu cimene mulibe, musabise mwana m'nyumba. Pitani mukaonane ndi mphunzitsi, pakuti kawirikawiri iye walemba osaganiza, monga ndinacitira ine. Ndipo inu amene mwana wanu ali ndi majuzi awiri, kumbukirani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cinanso, ngati mungathe, gulani cithunzi ca pa pepala. Zithunzi za m'foni zipita pamodzi ndi foniyo ikabedwa kapena ikagwa m'madzi, koma ca atsibweni anga cakhala m'bokosi zaka zoposa 60. Lembani kumbuyo kwace dzina la mwana, kalasi, caka, ndi mzere umene waima, ndipo mulembe ndi pensulo, pakuti inki idutsa pepala. Mucisunge pouma, kutali ndi dzuwa ndi ciswe. Amene adzacifuna koposa ndi adzukulu anu, amene lero sanabadwe.

Nthawi yanga yatha. Inu amene mulowa nchito ya usiku, muyende bwino ndi kutuluka bwino. Inu nonse otsala pa nyumba, gonani bwino.